Wotsogola Sindiye Wopambana: Kuonera Mpikisano wa Njinga ndi Banja

Moni nonse, takulandiraninso! Mabelu mukumvawo ndi a akabaza, ndaima pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi kuno ku Mangochi. Lero tikamba za mpikisano wa njinga zakapalasa, wa akatswiri enieni, ndi mmene mungauonere ndi banja lonse popanda mkangano. Dinani kaye subscribe, salipiritsa.

Zoyambira, mwachangu. Tour de France, mpikisano waukulu wa ku France, imachitika mu Julayi, masiteji 21 m'milungu itatu, siteji imodzi tsiku limodzi, timu iliyonse anthu 8. Amaphatikiza nthawi ya masiku onse, amene yake yachepetsetsa ndiye amavala jezi yachikasu. Kuno ku Africa kuli Tour du Rwanda, ndipo mu Seputembala 2025 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa. Basi, tapita.

Choyamba, malo oima. Pamsewu wopanda chitunda anthu awa amathamanga kupitirira makilomita 40 pa ola. Mudikira maola atatu padzuwa, iwo vuuu, ana n'kufunsa kuti kodi zatha? Sakani chitunda, ndi pamene mumaona thukuta ndi nkhope zawo. Utadutsa kwathu kuno, ine simungandipeze mumsewu wa ku Monkey Bay, mungandipeze pa Chowe, pokwera ku Namwera.

Chachiwiri, madzi, ambulera, mkeka, zibwente za ana. Ndipo anawo agwireni pamkono. Mu 2021 mayi wina anatulutsa chikwangwani mumsewu pa siteji yoyamba ya Tour de France, anthu anagwa mulu.

Chachitatu, apa ndiye khalani pansi. Bodza lakuti amene ali kutsogolo ndiye akupambana. Limandinyansa!

Julayi wathayu tinatengana, ine, mayi a kunyumba, ana ndi amalume, kukaonera pa TV yaikulu pamalo ena kunyanja. Anyamata anayi anathawa gulu, kusiyana kwake mphindi zisanu. Amalume anaimirira, botolo la Fanta m'manja: "Mphwanga, uyu wa jezi yofiirayu watenga kale. Akaluza, chambo cha madzulo ndigula ine." Ndinati, "Amalume, khalani pansi, mwataya ndalama." Kutatsala makilomita awiri, gulu linawameza onse anayi ngati usipa m'chilimira. Chambo tinadya, zikomo amalume, ndikudziwa mukuonera.

Chifukwa chake ndi mphepo. Funsani wakabaza aliyense za kupalasa moyang'anizana ndi mwera mu Juni, akuuzani kuti miyendo imachita kuyaka. Wakutsogolo ndiye amang'amba mphepo, amene wabisala kumbuyo kwake amapulumutsa mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo pakati pa gulu lalikulu lija, amati peloton, n'kuposa pamenepo. Ndiye ganizani: anayi akusinthana okhaokha tsiku lonse, kumbuyo kuli anthu oposa 100 oti asinthane. Gulu silinawalephere ayi, limachita kuwasiya dala, mabwana a matimu ali m'magalimoto kuwerengera mphindi n'kumauza anyamata awo pa wailesi ya m'khutu kuti tsopano yambani kuthamangitsa.

Ndipo ambiri mwa amene mukuwaona kutsogolo kwa gulu sakufuna n'komwe kupambana. Ndi antchito. Amatchingira mtsogoleri wawo mphepo, kumutengera madzi, tayala likaphulika mpaka kumupatsa njinga yawo. Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana masiteji atatu ndi jezi yobiriwira, ya wopeza mapointi ambiri, pa Tour de France ya mu 2024. Mumamuona kutsogolo m'mawa? Ayi. Amatulukira mamita omaliza.

Wina alemba kale mu comment kuti nanga Pogačar ku Kigali? Eya, katswiri wa ku Slovenia ameneyu anapalasa yekha makilomita oposa 60 n'kupambana. Uja ndi chilombo, musayesere ena pa iye.

Pakamphindi: njinga yanu ikamalira tcheni, alamu anga amakonza kuseri kwa msika, mukati mwachokera pa vidiyoyi akupoperani ulere.

Chachinayi, oyamba akadutsa musanyamule mkeka, ena akubwera ndi magalimoto awo, ndipo mabotolo amene amataya aja ana amawakonda. Atole msewu ukayera.

Chachisanu ndaiwala, chikhala mu vidiyo yotsatira, pamene ndikwere Chowe pa njinga ya kabaza ndi amalume kumbuyo. Dinani kabelu kaja!