Fayilo Iyi Ndi ya Ndani? Umwini wa Mafayilo Pomanga Phukusi la .deb

Moni nonse abale, ndikulankhula kuchokera kuno ku Harare. Lero tikambe nkhani imene ambiri sitiiganizira mpaka pulogalamu itakana kudzuka pa seva ya kasitomala: fayilo iliyonse imene ili mu phukusi lanu la .deb (fayilo yoikira pulogalamu pa Debian ndi Ubuntu), mwini wake ndani?

Pa sikirini: lamulo la ls -ln

Taonani manambala awiri amene lamuloli limaonetsa pa fayilo iliyonse: ya mwini wake ndi ya gulu lake. Linux mkati mwake sasunga mayina athu, amasunga manambala. Root, akaunti ya mphamvu zonse pa kompyuta, ndi 0. Pa Debian ndi Ubuntu, munthu woyamba kupangiridwa akaunti amalandira 1000. Ndiye pa laputopu yanu 1000 ndinu, koma pa seva ya sukulu ina ku Mount Pleasant 1000 ndi munthu wina amene simunamuonepo. Zili ngati nambala ya nyumba: yomweyo mutha kuipeza ku Highfield ndi ku Glen Norah, koma okhalamo ndi mabanja osiyana.

Vuto limayambira apa. Mkati mwa .deb muli data.tar, mtolo wa mafayilo onse, ndipo tar, imene imamanga mtolowo, imalemba dzina ndi nambala ya mwini pa fayilo iliyonse. Mukamanga phukusi ndi dpkg-deb --build muli pa akaunti yanu, mafayilo onse amatenga dzina lanu ndi 1000. Poyika, dpkg (pulogalamu yoika mapukusi) imafufuza dzina lanulo pa kompyuta inayo, ikalisowa imangotenga nambala. Mapeto ake pulogalamu ya mu /usr/bin yakhala ya munthu wamba, atha kuisintha mmene afunira, kenako root n'kudzaiyendetsa osadziwa kanthu. Zikatero seva yonse yapita.

Ena amati basi timange ndi sudo, ndiye kuti ngati root. Ayi ndithu. Makefile, fayilo ya malangizo omangira pulogalamu, ikangolakwitsa mzere umodzi, imalemba mu /usr ya laputopu yanu yeniyeniyo. Njira yakale ndi fakeroot, imene imanamiza mapulogalamu kuti ali root pomwe sali, ndipo chown iliyonse (lamulo losintha mwini wa fayilo) imangoisunga pamtima mpaka tar italemba. Njira yachidule inabwera mu 2017 ndi dpkg 1.19.0.

Pa sikirini: dpkg-deb --root-owner-group --build malipiro

Ndi mawu amenewa chilichonse chalembedwa root:root. Ndi zimenenso malamulo a Debian amafuna: mafayilo wamba akhale ndi zilolezo 644, mapulogalamu ndi mafoda 755 (pa zonse ziwiri wolemba ndi mwini yekha), mwini root.

Tsopano tifike pamene pali ntchito yeniyeni. Tiyerekeze kuti pulogalamu yathu, imene ndaitcha malipiro, imasunga ndalama za fizi mu /var/lib/malipiro. Singayende ngati root, ikufunika akaunti yakeyake. Koma akauntiyo kulibe pa nthawi yomanga, ndipo nambala yake simungaidziwiretu, chifukwa manambala a 100 mpaka 999 amagawidwa pa kompyuta iliyonse malinga ndi amene wafika msanga. Pa seva ina idzakhala 112, pa ina 127. Choncho umwini wa fodayi umakonzedwa pa nthawi yoyika, mu fayilo ya postinst, imene dpkg imaiyendetsa ikatsitsa mafayilo.

Pa sikirini:
adduser --system --group malipiro
chown malipiro:malipiro /var/lib/malipiro
chmod 750 /var/lib/malipiro

Onetsetsani ndondomeko yake: akaunti iyambe yapangidwa, chown ibwere pambuyo. Ndipo pulogalamu yeniyeniyo mu /usr/bin ikhalebe ya root. Akaunti ya malipiro ilembe mu foda ya deta yokha. Wakuba akalowa kudzera mu pulogalamuyi, asapeze mpata woisintha.

Manambala a 0 mpaka 99 ndi osiyana, amakhala chimodzimodzi pa Debian iliyonse. www-data, akaunti ya seva ya webu, ndi 33 kulikonse. Komatu musatengeke n'kupereka mafayilo onse a webusayiti kwa www-data, monga ndimaonera mu maphunziro ambiri a pa intaneti. Seva ya webu ingowerenga. Kulemba kukhale mu foda imene anthu amatumizamo zithunzi basi.

Mwaona kuti pa chown sindinaike -R, imene imasinthanso zonse za mkati mwa foda? N'dala. Postinst imayenda ngati root, ndipo imayendanso nthawi iliyonse phukusi likakwezedwa. Ngati wina walanda kale akaunti ya malipiro, atha kutchera hard link (dzina lachiwiri la fayilo yomweyo) mu foda ija yoloza ku /etc/shadow, kenako chown -R yanu n'kumupatsa fayilo ya mapasiwedi ndi manja awiri. Ma kernel (mtima wa Linux) a masiku ano amatchinga zina mwa izi, koma lintian, pulogalamu yofufuza zolakwika mu mapukusi, imadandaulabe ikaona chown -R mu postinst, ndipo ine ndili mbali yake. Za chmod 777, yololeza aliyense kulemba, tisatayirepo nthawi, musachite.

Kanthu kena kamene kamasokoneza anthu: mukasintha umwini wa fayilo imene inabwera ndi phukusi, dpkg imadzaika yatsopano pokweza, umwini n'kubwerera mwakale. Pa zoterezi gwiritsani ntchito dpkg-statoverride, imene imakumbutsa dpkg nthawi zonse, komanso imalemekeza zimene woyang'anira seva anasankha yekha.

A Fedora ndi Red Hat, amene mapukusi anu ndi a RPM, kwanu n'kosavuta. Mu fayilo ya spec, ya malangizo omangira phukusi, lembani %defattr(-,root,root,-), ndipo pa foda ya deta %attr(0750,malipiro,malipiro). Akaunti ipangidwe mu %pre, mafayilo asanatsitsidwe. Ikasowa, rpm imangochenjeza n'kupereka fayiloyo kwa root, pulogalamu n'kulephera kulemba.

Pa sikirini: dpkg-deb -c malipiro.deb

Musanatumize phukusi kwa aliyense, yendetsani lamulo ili n'kuwerenga gawo lachiwiri la mzere uliwonse. Mzere uliwonse uzinena root/root. Mukaona dzina lanu, mangani kachiwiri. A RPM, lanu ndi rpm -qplv. Kenako liyikeni mu container yatsopano (malo odzipatula oyesera mapulogalamu) imene mulibe akaunti yanu, muliyike kawiri motsatizana, muone ngati postinst ikudutsa bwinobwino ulendo wachiwiriwo.