Mphunzitsi wa pa yunivesite amene analola anthu akumudzi kumukonzera sewero

Moni moni anthu anga, takulandiraninso. Lero tikambe za olemba aja oti ukangowauza kuti mzere uwu sukumveka, basi akwiya sabata yonse. Tiyeni ku Kenya kaye.

Mu 1977 Ngũgĩ wa Thiong'o anali kale dzina lalikulu, mphunzitsi pa yunivesite ya Nairobi, mabuku ake ngati Weep Not, Child la 1964 akuwerengedwa m'masukulu, onse a m'Chingerezi. Ndiye anthu a ku Kamiriithu, mudzi wa kufupi ndi Limuru, anafuna sewero. Koma anthuwa ndi alimi, ena ogwira ntchito m'mafakitale, Chingerezi cha pa yunivesitecho angachitani nacho? Mkuluyu pamodzi ndi Ngũgĩ wa Mĩriĩ analemba m'Chikikuyu, chilankhulo cha anthu a m'mudzimo, sewero lotchedwa Ngaahika Ndeenda.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Sikiriputi ija sanangoipereka kuti lowezani basi ayi. Ankayeserera poyera, aliyense wodutsa amaima n'kuonera n'kuponyapo ndemanga, ndipo akuluakulu amawadzudzula alembiwo kuti munthu wachikulire salankhula chonchi, ogwira ntchito nawonso amakonza zokhudza ku fakitale poti ndi iwo amaziona tsiku ndi tsiku, nyimbo ndi magule anthu omwewo amabwera nazo. Tangoganizani, munthu wa mabuku kale, chilankhulo chake chomwe, akumuwongolera ndi agogo oti sukulu sanapite patali. Iye n'kumafufuta, kumalembanso. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe ambirife timagwera, timakonda sikiriputi yathu kuposa anthu amene tikuwalembera.

Sewero lija anthu anakhamukirako, boma la pulezidenti Jomo Kenyatta linaliletsa, kenako kumapeto kwa Disembala 1977 Ngũgĩ wa Thiong'o anam'manga osazengedwa mlandu, mpaka ku ndende ya Kamiti pafupifupi chaka chathunthu.

Winawe ukanati eee Chikikuyuchi chandiputira mavuto, ndibwerere ku Chingerezi changa. Iye m'ndende momwemo ndi m'mene anatsimikiza kuti nthano zake azilemba m'Chikikuyu, n'kulemba buku lonse pa tishu ya kuchimbudzi, Caitaani Mũtharaba-inĩ, lomwe pa Chingerezi ndi Devil on the Cross. Osati zinali zophweka ayi, ntchito ya pa yunivesite sanamubwezere atatuluka, mu 1982 bwalo la zisudzo la ku Kamiriithu linagwetsedwa ndipo iye anakhala kunja kwa dziko zaka zoposa 20.

Koma buku la pa tishu lija litatuluka mu 1980, linafika kumene mabuku ake akale sanafikeko. Anthu amawerengerana m'makomo, ngakhale m'mabala, wodziwa kuwerenga amawerengera anzake mokweza, tambula yake ikatha amasiya dala pakati pa nkhani mpaka wina amugulire botolo lina kuti apitirize.