Kalata ya a hedi imene inandifikitsa ku Japan

Moni abale anga omvera. Lero sindikulankhula kuchokera m'kachipinda kanga ka ku Japan ayi. Sukulu zatsekera kumeneko, ndiye ndili pakhonde pa amayi kuno ku Chipata, ndipo mukamva tambala akulira mundikhululukire. Dzulo ku msika wa Kapata anthu atatu anandiimitsa ndi funso lomwelo: viza unaipeza bwanji? Tiyeni tikambe.

Poyamba maso anga anali ku South Korea, koma viza yawo yophunzitsira Chingelezi amapatsa makamaka anthu a mayiko 7, ndipo mu Africa muno ndi South Africa basi. Ndinatembenukira ku Japan.

Kumeneko suyambira ku embase. Uyenera kupeza kaye ntchito, ndipo amene akukulembayo ndiye amapita ku ofesi yoona za olowa m'dziko kukakupemphera pepala lotchedwa Certificate of Eligibility, ife timangoti COE. Ine ntchito yanga ndi ya ALT, wothandiza mphunzitsi wa Chingelezi m'sukulu za boma, ndipo viza yake ndi ya Instructor. Anafuna digiri, ndinali nayo. Chithunzi, ndinajambulitsa m'tauni. Kenako anati nditumize umboni woti ndinaphunzira m'Chingelezi zaka 12.

Apa ndiye panagona nkhani. Satifiketi ya Giredi 12 imaonetsa zimene unakhoza, siinena chilankhulo chimene ankakuphunzitsira. Ku sekondale kalata anandilembera tsiku lomwelo. Zaka 7 za pulayimale zinatsala, ndipo pulayimale yanga ili kumudzi, kupitirira Katete, kumene basi imakusiya pamsewu n'kutsiriza ulendo pa njinga.

Ndinapeza a hedi achilendo, osandidziwa. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato n'kuti, "Mwana wanga, ndilembe kuti unaphunzira pano ine ndisanaone dzina lako?" Sanalakwe. Tinatsegula kabati, marejisitala ena chiswe chitadya theka. Dzuwa linapendeka tikuvundukula. Dzina langa tinalipeza m'buku la Giredi 5, litalembedwa molakwika. Anatuma mwana kukaitana amadamu ena opuma pantchito amene anandiphunzitsa Giredi 2. Atangondiona anaseka: "Si uyu ankalira tikamameta mpala?" Umboni unakwana pamenepo.

Chondiseketsa n'chakuti kalatayo imati tinkaphunzira m'Chingelezi, ndipo ndi zoona, mabuku ndi mayeso zinali m'Chingelezi. Koma masamu akavuta, amadamu omwewo ankatembenuzira m'Chinyanja kuti zilowe. Achimwene ndi achemwali ang'onoang'ono, mvetserani apa: kuyambira 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 anayamba kuphunzira m'zilankhulo zathu, ndiye amene munadutsa m'nthawi imeneyo funsitsani okulembani ntchito musanawononge ndalama zoyendera.

COE imatenga mwezi umodzi mpaka itatu. Yanga inatenga iwiri, amayi akuuza mpingo wonse kuti ndikupita, ine ndikubisala. Ikatuluka imagwira ntchito miyezi itatu yokha, ukhale utalowa m'dzikomo. Ndinakwera basi ya m'bandakucha, kuwoloka Luangwa, kukasiya pasipoti ku embase ku Lusaka, ndipo patangopita masiku ochepa viza inali itamatidwa. Kunena zoona, ku embase ndiye kunali kophweka kuposa konse.

Ndinatera ku Narita kumapeto kwa Marichi, poti chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo. Pabwalo la ndege pomwepo anandipatsa kadi yokhalira m'dziko, imene uyenera kuyenda nayo paliponse ngati NRC, chitupa chathu cha unzika ku Zambia kuno, ndipo ukapeza nyumba uli ndi masiku 14 okalembetsa adiresi ku ofesi ya mzinda.

Tsiku loyamba m'kalasi, kamnyamata kena kanandifunsa ngati ku Zambia timalankhula Chingelezi kunyumba. Ndinati ayi, timati "muli bwanji". Mpaka lero kalasi imeneyo imandilonjera choncho, aphunzitsi anzanga akungodabwa.

Loweruka ndikupita ku Mkaika kukaonera Kulamba, ndipo pobwerera ndidzapatukira kusukulu kuja. Ndawagulira a hedi kabokosi kachitsulo kosungiramo marejisitala. Amayi akuti nsima yapsa, tionana gawo likubweralo.