Solola chikuni mphika usanasefukire

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndadzuka, koma kunena zoona masiku atatu ano tulo sindikutiona bwino, ndiye mawu a lerowa ndikuyamba kudziuza ndekha ndisanauze inu. Miyambo 26:20, mukuidziwa kale, posowa nkhuni moto umazima. Solola chikuni m'bale wanga. Solola chikuni mphika usanasefukire.

Tili ana mayi akatereka phala la m'mawa pa mafuwa ankatisiya ife kuti tiziliyang'anira iwo akutsuka mbale kuseri. Phala likayamba kubwata n'kumakwera, mwana umasokonezeka, mwina uyambe kuuzira pamwamba, mwina ufune kugwira mphika wotentha ndi manja, koma mayi ankangomva kulira kwa mphikawo ali komweko n'kukuwa kuti, "Iwe, solola chikunicho!" Ukachedwa pang'ono basi, phala lasefukira, latsikira pa moto, moto wazima, phulusa lauluka lagwera mumphika momwemo. Phala lachepa, lotsalalo lili ndi phulusa, utsi uli m'maso. Ndipo chimene ndakhala ndikuchiganizira sabata ino n'chakuti phala silitayikira pa moto wa aneba ayi, limatayikira pa moto wako womwe.

Kwathu tikukonzekera chiliza cha malemu bambo, ndiye pali kagulu ka pa WhatsApp ka zopereka. Gawo langa lachedwa, zinthu sizinayende mwezi uno. Lolemba lapitali alamu anga, amuna awo a achemwali anga, analemba kuti pali ena amatumiza mavesi m'mawa uliwonse koma ndalama ya simenti sitikuiona. Dzina sanatchule koma aliyense anadziwa. Ndinakhala chete. Lachitatu anaika mndandanda wa amene apereka, pa dzina langa anasiya pa mbee. Ndinakhalanso chete, ndipo ndinkadziona ngati ndikupirira mwachikhristu, chonsecho ndinali ndikusonkhezera. Mu minibasi ndinkawayankha mumtima, posamba ndinkawayankha, ngakhale popemphera ndinkakonza ziganizo zoti ndidzawalase nazo. Chikuni pa chikuni. Lachisanu usiku mphika unasefukira, ndinatumiza voisi ya maminitsi 4 pagulu, ndinafukula ngongole zakale, ndinafukula mpaka nkhani ya m'nyumba mwawo imene achemwali anandiuza mwachinsinsi akulira. Alamu sanayankhe. Amene anandiimbira ndi achemwali, ndipo anangoti, "Achimwene, zija ndinakuuzani inu nokha." Foni n'kudula.

Loweruka usiku tulo titakana ndinapezeka ndikuonera pa YouTube zithunzi zakale zakuda ndi zoyera za mpira wina wa 1967, umene anthu mpaka lero amautcha nkhondo ya ku Montevideo. Amene mumandidziwa mukudziwa mmene ndimakondera mpira, nkhaniyi ndinaiwerengapo kale koma tsiku limeneli inandilowa mwina.

Celtic ya ku Glasgow chaka chimenecho inali timu yokongola abale. Pa 25 May 1967 ku Lisbon anagonjetsa Inter ya ku Italy 2-1 n'kukhala timu yoyamba ya ku Britain kutenga chikho cha akatswiri a ku Ulaya, ndipo osewera onse 11 anali ana a konko, obadwira m'dera la mamailosi 30 kuzungulira Glasgow. Kochi wawo Jock Stein anawaphunzitsa mpira wothira, wosangalatsa, anthu ankawakonda chifukwa cha kaseweredwe koyera. Ndiye anayenera kukumana ndi akatswiri a ku South America, Racing Club ya ku Argentina, kuti aone mfumu ya dziko lonse ndi ndani. Mbali ziwirizi zinkakayikirana kale, aliyense ankati mpira weniweni ndi wa kwathu.

Gemu yoyamba inali pa 18 October ku Hampden Park ku Glasgow, Celtic inapambana 1-0, kaputeni Billy McNeill anagoletsa ndi mutu. Koma munali zigongono, kupondana, kulavulirana, makamaka kamnyamata kawo kothamanga ka kuphiko Jimmy Johnstone ndiye kanazunzika zedi. Anapirira. Limenelo linali Lolemba lawo. Gemu yachiwiri pa 1 November ku Avellaneda, kwawo kwa Racing ku Argentina, mpira usanayambe n'komwe goloboyi wa Celtic Ronnie Simpson anagendedwa m'mutu ndi chinthu chochokera kunja kwa bwalo, magazi chuchuchu, mpaka pa golo panalowa John Fallon. Tommy Gemmell anagoletsa penate koma Racing inabweza ziwiri, 2-1. Anapiriranso. Lachitatu lawo limenelo, ndipo ndikukhulupirira kuti mu hotela muja aliyense ankagona akuyankha mumtima ngati ine mu minibasi.

Malamulo a nthawiyo ankati ngati aliyense wapambana imodzi pakhale gemu yachitatu pa bwalo la dziko lina. Apa ndi pamene pandikhudza kwambiri. Wapampando wa Celtic, bambo Bob Kelly, sankafuna kuti gemu imeneyi iseweredwe, ankati tiyeni tizipita kwathu. Mkulu uja anamva kulira kwa mphika ali kuseri. Koma enawo anati ayi, tikachoka atiyesa amantha, ndipo chikho chili pafupi. Ndi mawu omwewo amene ankandinong'oneza ine Lachisanu, akuti ukangokhala chete akuyesa wopusa, auze adziwe kuti nawenso uli ndi pakamwa. Solola chikuni m'bale, ngakhale akuyese wamantha.

Pa 4 November analowa mu Estadio Centenario ku Montevideo, dziko la Uruguay, refu anali Rodolfo Pérez Osorio wa ku Paraguay. Sunali mpira uja, inali ndewu yovala majezi. Apolisi ankachita kulowa m'bwalo kukaleretsa. Nthawi imeneyo makadi ofiira kunalibe, anadzayamba mu 1970, refu ankangokulozera kunja, ndipo tsiku limenelo analozera anthu 6. A Racing awiri, Alfio Basile ndi Juan Carlos Rulli. A Celtic anayi, Bobby Lennox, Johnstone yemwe uja, John Hughes ndi Bertie Auld. Taonani bwino, amene anayambidwa ndi amene anatulutsidwa ambiri. Racing inapambana 1-0, Juan Carlos Cárdenas anamenya chigoli cha patali mu hafu yachiwiri, n'kukhala timu yoyamba ya ku Argentina kutchedwa akatswiri a dziko lonse. Celtic inabwerera ilibe chikho, ndipo mbiri yoyera ija ya ku Lisbon inali itagwera phulusa pasanathe ndi miyezi 6 yomwe. Atafika kwawo kalabu yawo yomwe inalipiritsa wosewera aliyense mapaundi 250. Phala pa moto wawo womwe.

Sindikunena kuti sanalakwiridwe ayi. Analakwiridwa, ndipo kwambiri. Inenso alamu anandilakwira, mawu aja a mavesi ndi simenti anali obaya, mpaka pano akandibwerera m'mutu mtima umadumpha. Ndipo mwina iwe amene ukuwerenga m'mawa uno walakwiridwa koposa ine, apongozi akunyoza, mnzako wa kuntchito wakunamizira kwa abwana, mwamuna wako wakuyankhula mawu pamaso pa ana. Mulungu sakuti sizikupweteka. Koma vesi ija sikunena za amene anayatsa moto, ikunena za nkhuni. Woyatsa akhoza kukhala wina, koma chikuni chimene chili mbali yako ya mafuwa ndi chako, dzanja lako ndi limene likuchikankhira mkati. Alamu analemba mizere iwiri yokha sabata yonse. Nkhuni zina zonse ndinatola ndekha.

Pali anthu awiri mu gemu ija amene sakundichoka m'mutu. Woyamba ndi Auld. Refu atamutulutsa iye anakana kutuluka, ndipo mu chipwirikiti chija anasewera mpaka wezulo yomaliza. Loweruka m'mawa ine ndinali Auld. Mzimu Woyera ankandilozera kunja, akuti walakwa, tuluka ukapepese, ine n'kumathamangabe m'bwalo ngati sindinamve, ndikufotokozera akazi anga chifukwa chake ndinali ndi ufulu wolankhula. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo ake mwana, ufuluwo unali wanu, koma chinsinsicho sichinali chanu." Dzulo ku tchalitchi nyimbo inandikanika pakhosi.

Wachiwiri ndi Gemmell. Iye anazembera refu atatembenuka n'kumenya theche wosewera wa Racing, refu sanaone, sanatulutsidwe. Koma kamera inaona, ndipo lero zaka zoposa 50 zadutsa anthu tikuonerabe theche lija pa foni. Enafe timadzitama kuti ine sindinatukwane pagulu, ine sindinatumize voisi, chonsecho tinazembera, tinakauza wina kumbali kuti uja ndi wotere, tinaika sitetasi yoti mwini wake adziwe yekha. Mlongo wanga wokondedwa, chimenechonso ndi chikuni, kungoti chobisika kunsi kwa mphika. Refu wa pansi pano sangaone, koma Atate amaona, ndipo amaona mwachikondi, ngati mayi aja akukuwa ali kuseri osati chifukwa amatida koma chifukwa ankadziwa kuti phala limenelo ndi limene tidye tonse.

Ndiye lero usadikire Lachisanu. Ukamva mumtima mwayamba kubwata, ukamapezeka ukukonza mayankho uli wekha m'bafa, dziwa kuti phala layamba kukwera. Osauzira pamwamba ndi kumwetulira kwabodza, sizithandiza, ine ndayesa masiku anayi. Solola chikuni. Ika foni pansi. Leka kubwereza kuwerenga meseji ija, nthawi iliyonse ukaiwerenga waponya chikuni china. Muuze Yesu mosabisa kuti Ambuye zandiwawa, Iye analavuliridwa kumaso, amadziwa, ndipo sanabweze. Ngati n'kotheka muimbire munthuyo pa awiri moto ukadali wochepa. Ndikanawaimbira alamu Lolemba lomwelo n'kunena kuti alamu, zinthu zandithina, ndipereka pa 30, bwenzi lero achemwali anga akugona mwamtendere m'nyumba mwawo.

Kwa ife amene mphika wasefukira kale, mayi sankataya mafuwa chifukwa phala latayika. Ankatipatsa tsache, tisese phulusa lonyowalo, titsuke mphika, tikapale moto kwa aneba ndi manyazi athu omwewo, tiyambirenso. Voisi ija ndaichotsa pagulu ngakhale ndikudziwa kuti onse anaimva kale. Chatsala ndi chovutacho.

Tipemphere. Atate, Inu mukudziwa pamene mwana wanu aliyense wapsa sabata ino. Tipatseni makutu omva mphika ukamalira, ndi dzanja lofulumira kusolola chikuni. Pamene tatayira kale pa abale athu, tikhululukireni, ndipo mutipatse mphamvu yokapepesa osaonjezerapo "koma nanunso". Gwirani mtima wa achemwali anga. M'dzina la Yesu, Amen.

Mundipempherere abale. Ikamakwana 7 koloko ndiwaimbira achemwali kaye, kenako alamu, ndipo sindikudziwa ngati ayankhe.