Makalata a omvera: sitima zoswa ayisi za ku America zija zili pati?

Moni omvera athu kulikonse komwe muli. Sabata yatha tinangotchulako pang'ono za asilikali olondera m'nyanja a ku America, a Coast Guard aja, kuti akuvutika kupeza sitima zoswa madzi oundana, ndiye makalata abwera ndithu. Tiyambe ndi bambo ena a ku Nkhata Bay.

"Achimwene ine ndakulira kunyanja koma izi zandipitirira. Sitima imaswa bwanji ayisi, ili ndi chimpeni kutsogolo kapena? Nanga boma likufuna chani kumalo koti kulibe ndi munda omwe?"

Hahaha ayi bambo, chimpeni palibe. Kutsogolo kwake amakupanga kotsetsereka, ndiye injini ikakankha sitimayo imakwera pamwamba pa ayisi n'kumuphwanya ndi kulemera kwake, akakhala wokhuthala kwambiri imabwerera m'mbuyo n'kudzagundanso. Yamphamvu yomwe America ali nayo ndi imodzi yokha, Polar Star, inayamba ntchito mu 1976 ndipo chaka ndi chaka imapita ku Antarctica, kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, kukatsegula njira kuti sitima za mafuta ndi katundu zifike pa McMurdo Station pomwe pamakhala asayansi. Inali ndi inzake Polar Sea koma injini inafa mu 2010, pano amangoigwiritsa ntchito pochotsako masipeya. Inu a kunyanja mukudziwa mmene Ilala imakhalira, kukonza lero kukonza mawa koma osaipumitsa poti ina palibe, ndi zomwezo. Kumpoto nakonso ku Alaska kuli malire oti alondere, Russia ili pafupi pomwepo ndi sitima zake zambirimbiri zina zoyendera nyukiliya.

Yachiwiri yachokera kwa mayi a ku Lilongwe, akuti amagwira ntchito yogula katundu pa ofesi ina.

"Bambo muulutsi, munati tenda inaperekedwa kalekale. Sitimayo ili kuti? Musatinamize, pamenepo wina anadyapo basi."

Mayi, mwafulumira kuweruza. Ine sindinganene kuti wina anadya, koma nkhaniyo ndiyochititsa manyazibe. Mu April 2019 boma linapereka kontilakiti ya madola pafupifupi 746 miliyoni kwa kampani ya VT Halter Marine ya ku Pascagoula, Mississippi, kuti ijambule ndi kumanga sitima yoyamba, ndipo ankati ifika mu 2024. Chaka cha 2024 chinafika n'kudutsa sitima kulibe. Pakati apo mu 2022 kampaniyo inagulidwa ndi Bollinger Shipyards, kenako mu March 2025 boma linawonjezeranso madola oposa 950 miliyoni pa kontilakiti yomweyo, pano akuti tidikire 2030. Ofesi yowerengera bajeti ku nyumba ya malamulo yawo inati sitima zitatu zitha kudya madola 5.1 biliyoni.

Chinavuta n'chani? Inu mayi mukuidziwa ntchitoyi kuposa ine, mukasayina mtengo ndi tsiku pomwe pulani ya chinthucho sinathe kujambulidwa ndiye kuti mwasayina maloto, chilichonse chomwe chisinthe pa pulani chikoka china, mapaipi, mawaya, kulemera kwa sitima, ndiye mtengo umangokwera. Ofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma a GAO anadandaula kangapo za pulani yosakhwimayi. Koma kwa ine chachikulu ndi ichi, dziko la America linamaliza kumanga sitima zazikulu za mtundu umenewu m'ma 1970. Amisiri omwe anamanga Polar Star anapuma kalekale. Chitsulo chake ndi chokhuthala, chapadera choti chisathetheke pozizira, ndipo kuchiwotcherera si masewera, anthu anachita kuyamba kuphunziranso. Ndalama mutha kuvomereza lero masana ku nyumba ya malamulo, koma mmisiri wodziwa sangapezeke pofika madzulo.

Podikira a Coast Guard anachita kugula sitima yakale, Aiviq, yomwe inamangidwa mu 2012 kuti izithandiza kampani ya Shell pofufuza mafuta, anaigula madola 125 miliyoni kumapeto kwa 2024 n'kuitcha Storis. Kaunjika wa sitima, titero.

Yomaliza ndi yaifupi, mnyamata wina wotimvera pa intaneti ali ku Johannesburg.

"Bigi, osangogula kwa odziwa bwanji? Zovutikiranji?"

Aise, lamulo lawo limaletsa kumangira sitima za Coast Guard kunja pokhapokha pulezidenti ataloleza pa zifukwa za chitetezo, ndipo andale safuna ntchito zichoke m'madera mwawo, mavoti amenewo. Koma afika pomwe ukunenapo. Mu July 2024 America, Canada ndi Finland anapanga mgwirizano wothandizana pomanga sitima zoswa ayisi wotchedwa ICE Pact, ndipo mu October 2025 Donald Trump ndi pulezidenti wa Finland Alexander Stubb anasayina zoti pamangidwe sitima 11 zocheperako, zinayi ku Finland zinazo ku America. A Finland ndi akatswiri chifukwa madoko awo amaundana nyengo yozizira, kupanda sitimazi malonda aima, ndiye iwo sanasiyepo kumanga. Ine ndikuona kuti akanayambira pamenepo mu 2019 muja.

Nthawi yatithera, makalata otsala tidzawerenga sabata ya mawa. Bambo a ku Nkhata Bay, funso lanu lina lija loti asilikaliwo amasamba bwanji kozizira choncho ndalisunga.