Mam' Sonto ndi mwana wa ku Usisya

Moni abale anga nonse a kuno ku Joni, a ku Kapa, a ku Durban, ndi inu a kumudzi amene mukumvera pa foni ya mwana. Lero ndilibe mlendo, ndili ndekha, chifukwa zimene zandichitikira m'mawa uno m'takisi zandikhala pakhosi tsiku lonse.

Ndakwera pa siteji ya matakisi ya Bree monga mwa masiku onse. Pambali panga panakhala mayi wina wa konkuno, foni ili m'manja, akuonera sewero la pa kanema la Gomora, zigawo zakale zija. Basi foni yanga n'kulira, mwana wanga wamkazi akufunsa za ndalama ya yunifolomu. Ndayankha m'Chichewa, nanga mwana wanga ndimuyankhe m'chiyani? Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuchotsa chikwama chake kuchiika mbali inayo, kenako n'kulavula liwu lija amatitchula lija. Sindilibwereza, mukulidziwa nonse. Atatero anabwerera pa foni yake. M'seweromo Mam' Sonto akukalipira anyamata ake pa taveni, mayi uja akuseka mpaka kugwira pamimba, akuti uyu ndiye mzimayi weniweni, Mulungu ause mzimu wake.

Abale, mtima wanga unawira. Ndinamufunsa m'Chizulu changa chomwechi kuti, mama, amene mukumukondayu mukudziwa kuti ndi mwana wa ndani? Dzina lake lenileni ndi Connie Chiume. Chiume! Bambo ake anachokera ku Usisya, m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay, mayi ake anali Mzulu. Iye anabadwira ku Welkom, tauni ya migodi ya golide ku Free State, mu 1952. Takisi yonse inangoti zii. Mnyamata wina kumbuyo anafufuza pa foni yake, n'kunena kuti n'zoona, sisi sakunama.

Inu, mayi ameneyu sanayambire pamwamba. Anayamba waphunzira za unamwino, kenako uphunzitsi, n'kugwiradi choko m'kalasi. Mu 1977 anasiya zonsezo n'kulowa gulu la zisudzo ndi magule lomwe linakafika mpaka ku Greece ndi ku Israel. Taganizani, mzimayi wachikuda, nthawi ya tsankho ija, pomwe ngakhale kuyenda m'tauni kunkafuna pasi. Kenako sewero la nyimbo ndi magule la Ipi Ntombi, kenako wailesi ya kanema: Stella Moloi mu Zone 14, Mamokete mu Rhythm City zaka zambirimbiri, ndiye Gomora kuyambira 2020. Mu filimu ya Black Panther ya 2018 ija, mwa akuluakulu okhala pabwalo la mfumu, mayi wa fuko la a migodi uja ndi iyeyo, ndipo mu 2022 anabwereranso mu gawo lachiwiri. Chaka chomwecho anamupatsa mphoto ya SAFTA, ya mafilimu ndi kanema konkuno ku South Africa, yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse. Zaka zonsezo dzina linali lomwelo, Chiume, likuwala pa kanema m'nyumba za anthu omwe akutithamangitsawa.

Mamokete ndinamudziwira pa ntchito yanga yoyamba, kwa dona uja anandibera malipiro a miyezi iwiri. Akuti poti ulibe pepala, ukasumire kuti? Ndinkasita zovala zake madzulo, kanema ali chiyatsire pabalaza, ine ndikusuzumira pa chitseko cha khitchini, simbi ili m'manja. Ana ake ndinalera ine, mmodzi ndinamubereka kumbuyo ndi chitenje changa cha ku Limbe, koma tsiku londichotsa anandiponyera zovala m'pulasitiki wakuda pageti. Ndalama ija ndikuiwerengabe mpaka lero. Anthu ife timagwira ntchito, inu. Funsani bwana aliyense ku Sandton amene akumusamalira maluwa, akuuzani kuti ndi Mmalawi.

Tsono apa ndilankhule ndi inu makolo anzanga, ndipo mundikhululukire ndikakuwawani. Ambiri tikubisa ana athu. Mwana ndi wa a Phiri, wa a Banda, wa a Mhone, koma kusukulu mwamulembetsa dzina la mwini nyumba. Pakhomo mukumuletsa Chichewa, Chitonga, Chiyao, ati angamuzindikire. Mantha ndikuwamvetsa, ziwawa zothamangitsa obwera za 2008 ndi 2015 tinaziona ndi maso athu, ena tinagona kupolisi ndi ana. Koma mwana wosadziwa kwawo mudzamusiyira chiyani? Agogo ake akamuimbira foni azingoti "hello" basi? Matchona akale ankapita osabwerera, koma ena mwa iwo dzina ankalisiya kwa ana, ndipo dzina limodzi lotero ndi limene lakafika ku Hollywood. Wanga uja ndamuuza, ukafunsidwa unene kuti ndiwe wa ku Thyolo, kwa tiyi, mutu uli m'mwamba.

Mayi Connie anatisiya pa 6 Ogasiti 2024 konkuno ku Johannesburg, ali ndi zaka 72. Tsiku limenelo ndinalira ngati ndi azakhali anga enieni. Ku Usisya sindinafikeko, ndimangomva kuti msewu wake ndi wotsetsereka koopsa ndipo ambiri amafikako pa Ilala, koma ndikadzapita kumudzi ndikufuna ndikaone mchenga umene bambo aja anausiya.

Mayi wa m'takisi uja sanapepese ayi. Anatsika ku Randburg osandiyang'ananso. Ndalama yake ya chenje inadzera m'manja mwanga, ndinamupatsira yonse bwinobwino.