Kwa achimwene, pa nkhani ya mwana wofuna kuphunzira zisudzo

Achimwene, landirani moni wanga pamodzi ndi alamu. Ndamvetsera uthenga wanu wonena kuti mwana wathu akalemba mayeso a Fomu 4 akufuna kubwera kuno ku England kudzaphunzira zisudzo, komanso kuti mwayamba kuganiza zogulitsa dimba kuti mupeze ndalama. Pempho langa ndi lakuti dimbalo musaligulitse, koma mwanayo musamugwetsenso mphwayi.

Popeza iye amatchula kawirikawiri mayi Judi Dench, katswiri wa zisudzo wa kuno, ndi bwino adziwe njira imene mayiwa anadutsa. Anabadwira ku York mu 1934, ndipo bambo awo anali dokotala. Ataphunzira pa Central School of Speech and Drama ku London, anayamba ntchito mu 1957 ku nyumba ya zisudzo ya Old Vic, komwe anasewera ngati Ophelia m'sewero la Hamlet. Mu 1961 analowa gulu la Royal Shakespeare Company, ndipo mu 1963 anafika ku Nigeria, Ghana ndi Sierra Leone ndi gulu la zisudzo la ku Nottingham. Zaka zonsezo ntchito yawo yaikulu inali ya pa nsanja, kuloweza mawu ndi kubwereza sewero lomwelo usiku ndi usiku pamaso pa anthu. Dziko lonse linawadziwa mu 1995 pamene anatenga mbali ya M, mkulu wa akazitape, m'mafilimu a James Bond, ali ndi zaka 60, patadutsa zaka 38 chiyambireni ntchito. Mphoto ya Oscar anailandira mu 1999 chifukwa cha mbali ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba, imene inali ya mphindi pafupifupi 8 zokha.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi chakuti mu 2012 anaulula kuti maso awo akufooka moti sathanso kuwerenga bwino, koma panthawiyo ntchito sanaisiye. Anzawo ankawawerengera mawu mokweza, mobwerezabwereza, mpaka iwo atawasunga m'mutu. Mwana wathu akamaona ulemu umene mayiwa amalandira, aziganiziranso khama lotereli.

Tsopano za kabweredwe. Sukulu imene mayi Dench anaphunzirako ilipobe, ili pansi pa University of London, ndipo maphunziro a digiri ya zisudzo amatenga zaka zitatu. Satifiketi yabwino payokha siikwanira, chifukwa wofunsira malo amayenera kusewera pamaso pa aphunzitsi kapena kutumiza vidiyo, ndipo otengedwa amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi ofunsira. Akatengedwa, sukulu imam'patsa chikalata chotchedwa CAS, chimene amafunsira nacho viza. Pamenepo amayenera kusonyeza kuti ali ndi ndalama za fizi ndi zodzisamalira ku London, komanso kukayezetsa chifuwa chachikulu asananyamuke. Ophunzira ochokera kunja amalipira zambiri kuposa a kuno, moti ndalama za dimbalo sizingam'fikitse ngakhale kumapeto kwa chaka choyamba. Dziwaninso kuti viza ya ophunzira imalola ganyu wa maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo siilola munthu kulembedwa ntchito ya zisudzo yolipidwa kunja kwa maphunziro ake.

Maganizo anga ndi akuti ayambire kwathu konko. Alimbikire mayeso kuti apeze malo ku University of Malawi ku Zomba, kumene amaphunzitsa zisudzo, ndipo pakali pano azilowa nawo m'masewero a kusukulu kwawo. Nthawi iliyonse akamasewera, wina azim'jambula ndi foni, mawu azimveka bwino, ndipo mavidiyowo muzisunga. Akadzatenga digiri yoyamba, kufunsira maphunziro apamwamba kuno pamodzi ndi thandizo la fizi kudzakhala kosavuta kusiyana ndi lero.

Mum'patse uthengawu amvetsere yekha, kenako Lamlungu mukaweruka kutchalitchi mundiimbire muli naye limodzi, kuti ndimve kuchokera pakamwa pake zimene akufuna.